Mafunso ndi mayankho: ma phosphopeptide a mu labu ndi ma kinase a m'thupi la munthu

Nyengo ya mapulojekiti ikafika, mafunso amene ndimalandira amakhala omwewo chaka ndi chaka. Amabwera ndi ophunzira a sayansi ya zamoyo kuno ku Thyolo, ambiri ochokera ku MUST ku Ndata, ena amene akuchita kafukufuku ku Blantyre koma kwawo ndi kuno. Wina waona pa intaneti kabotolo ka ufa woyera, 1 mg basi, kolembedwa zilembo zosamveka ndi ka "p" pakati, mtengo wake wopikisana ndi thumba la feteleza, ndiye akuti, "Aphunzitsi, kameneka n'kachiyani, nanga ndikagule?" Ndasonkhanitsa mafunsowo pano ndipo ndayankha monga ndimayankhira tili chiimire pa benchi. Mawu ena ndawasiya m'Chingerezi chifukwa ndi mmene mudzawapezere pa botolo.

Tiyambire poyambira, kinase ndi chiyani?

Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda. Mikandayo ndi ma amino acid, alipo mitundu 20, ndipo chingwecho chimadzipinda n'kukhala ndi mawonekedwe amene amachipatsa ntchito yake. Koma selo silifuna kuti puloteni iliyonse izigwira ntchito usana ndi usiku. Pamafunika wouza kuti "yamba" kapena "leka".

Kinase ndi enzayimu, puloteni yofulumizitsa ntchito za makemikolo m'selo, imene imanena zimenezo podinda chidindo. Imathothola fosifeti yakumapeto pa ATP, kemikolo yonyamula mphamvu m'selo, n'kuimata pa mkanda umodzi wa puloteniyo. Mwa munthu mikanda yolandira chidindochi kawirikawiri ndi itatu: serine, threonine ndi tyrosine, imene timailemba S, T ndi Y. Fosifeti ndi kanthu kochepa koma imabwera ndi mphamvu ya negetivu, ndiye ikamatika puloteni imatha kupindika mwamtundu wina, kutseguka, kutsekeka, kusamukira mbali ina ya selo, kapena kuitana inzake. Enzayimu ina, phosphatase, ndiyo imafufuta chidindocho.

Anaonetsa kuti kudinda ndi kufufutaku ndiko kumayatsa ndi kuzimitsa enzayimu ndi Edmond Fischer ndi Edwin Krebs, ku University of Washington mumzinda wa Seattle, m'zaka za m'ma 1950, pofufuza enzayimu ya m'minofu imene imagaya glycogen, shuga wosungidwa uja. Analandira mphoto ya Nobel mu 1992. Mu 2002 Gerard Manning ndi anzake anawerenga majini a ma kinase onse a munthu n'kupeza 518, ndipo 90 mwa amenewa ndi odinda pa tyrosine.

Ngati mukufuna kuona ndi maso puloteni yodindidwa, pitani kwa alimi a ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe. Casein, puloteni imene imaundana mkaka ukasanduka chambiko, ili ndi fosifeti pa serine zake zingapo, ndipo ndi fosifetiyo imene imagwira calcium mu mkaka.

Nanga phosphopeptide?

Dulani kachidutswa kafupi pa chingwe chija, mikanda 6 kapena 15 kapena 20, ndiye peptide. Mkanda umodzi kapena ingapo ukakhala ndi fosifeti kale, ndiye phosphopeptide. Mukaona RRApTVA, chilembo chachikulu chilichonse ndi mkanda umodzi, ndipo ka "p" kaja kakunena kuti threonine yotsatirayo ndi yodindidwa.

Timaipanga ndi makemikolo m'malo moitenga m'selo chifukwa puloteni yochokera m'selo imakhala phatikizaniphatikizani. Ina yadindidwa apa, ina apo, ina pawiri, yambiri sinadindidwe n'komwe. Yopanga mu labu imakhala yofanana yonse, ndipo mumadziwa mkanda weniweni umene uli ndi fosifeti. Chimene mukugula ndi kudziwa kumeneko.

Ma kinase 518, mapuloteni zikwizikwi. Kinase imadziwa bwanji podinda?

Imani m'mphepete mwa munda wa tiyi m'mawa muone mayi akutchola. Sayang'ana chitsamba chonse. Dzanja lake limafuna masamba awiri ndi kansonga, likapeza limatchola, likapanda kupeza limadutsa. Kinase nayo imayang'ana mikanda yochepa yoyandikana ndi pamene ikufuna kudinda. Kinase yotchedwa PKA imafuna mikanda iwiri ya arginine kumbuyo kwa serine. ERK ndi ma CDK amafuna proline yotsatana ndi serine kapena threonine. CK2 imakonda mikanda ya asidi kutsogolo kwake.

N'chifukwa chake kachidutswa kafupi kamakwana kunyenga kinase. Kotchuka koposa ndi Kemptide, LRRASLG, mikanda 7 yokha, yotsanzira kachigawo ka pyruvate kinase ya m'chiwindi cha nkhumba. Dzinalo linachokera kwa Bruce Kemp wa ku Australia, amene anagwira ntchito ndi Krebs m'zaka za m'ma 1970. Chotsani arginine mmodzi muike alanine, PKA imayamba ulesi. Chotsani serine, ilibenso podinda. Peptide yotere ya kinase ya AMPK imatchedwa SAMS, ya kinase ya Abl imatchedwa Abltide, EAIYAAPFAKKK. Ma K (lysine) atatu akumapetowo ntchito yawo yaikulu si ya kinase, amathandiza peptide kumatirira pa pepala la P81 potsuka.

Onani kuti zonsezi zilibe "p". Zimagulidwa zosadindidwa kuti kinase ndiyo idinde inu mukuona.

Ndiyetu, ngati kinase ndiyo imaika fosifeti, tigulirenji peptide yokhala ndi fosifeti kale?

Funso limeneli ndi limene limandiuza kuti wophunzira wayamba kuganiza. Zifukwa zilipo zingapo ndipo sizofanana kukula.

Choyamba, ma kinase ena sadinda kalata imene wina sanadinde. Mukudziwa mmene zimayendera ndi kalata ya malo kumudzi: gulupu amafuna aone kaye chidindo cha nyakwawa. Kinase yotchedwa GSK3 ndi gulupu woteroyo. Imafuna ipeze fosifeti pa mkanda wachinayi kutsogolo kwa pamene iyo idinde. Pa puloteni yotchedwa beta-catenin, kinase ina yotchedwa CK1 imayamba ndi serine 45 (mkanda wa nambala 45 pa chingwe), kenako GSK3 imadinda threonine 41, serine 37 ndi serine 33 motsatizana, chidindo chilichonse chikutsegulira chinzake, ndipo zikatha puloteniyo imatengedwa kukaphwanyidwa. M'khansa zina mikanda imeneyi imasinthika, zidindo sizimatika, beta-catenin imaunjikana n'kumalamula selo kuti lizingogawanika. Tsono mukapatsa GSK3 peptide yosadindidwa, muona ntchito yochepa kwambiri n'kuyamba kudandaula kuti enzayimu inafa panjira, pamene ili moyo, ikungodikira nyakwawa. Apa phosphopeptide ndiyo chakudya chake chenicheni.

Chachiwiri, chidindo chimadindidwa kuti wina achiwerenge. Mapuloteni ambiri ali ndi kachigawo kokhala ngati thumba kamene kamagwira fosifeti pamodzi ndi mikanda yoyandikana nayo. Tony Pawson anazindikira kachigawo ka SH2 mu 1986 ku Canada. Mu 1993 Zhou Songyang ndi Lewis Cantley anagwiritsa ntchito chisakanizo chachikulu cha ma phosphopeptide kufunsa SH2 iliyonse kuti imakonda chiyani, ndipo ya Src inasankha pYEEI. Src imeneyi ndi kinase, ndipo ili ndi khalidwe lochititsa chidwi: mchira wake ukadindidwa pa tyrosine, umapindika n'kulowa m'thumba la SH2 yake yomwe, kinase n'kudzitsekera yokha. Muipatse pYEEI, peptide imalanda thumbalo, mchira umasomphoka, kinase imatseguka. Ndi kachidutswa ka mikanda yowerengeka mwaona mmene loko wa enzayimu amagwirira ntchito. Plk1, kinase yoyang'anira kugawanika kwa selo, ili ndi thumba lake lotchedwa polo-box logwira serine kapena threonine yodindidwa, ndipo mapuloteni a 14-3-3 ali ndi lawo.

Pomwepa pali usodzi. Mumamangirira biotin kumapeto kwa peptide, n'kuikoleka pa timibulu ta streptavidin, puloteni imene imagwira biotin mwamphamvu, n'kuviika m'madzi a maselo ophwanyidwa. Peptide ndi nyambo, kambulu ndi mbedza. Chimene chaluma mumachivuula n'kuchizindikira.

Chachitatu ndi phosphatase. Simungayeze wofufuta popanda chidindo choti afufute. RRApTVA ija ndi yoyezera phosphatase yotchedwa PP2A, ndipo poyeza ina yotchedwa PTP1B anthu amakonda DADEpYLIPQQG, yotengedwa pa mchira wa EGFR, puloteni ya pa khoma la selo yolandira uthenga wa kukula.

Chachinayi ndi ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha thupi amene timazindikira nawo chinthu chimodzi chimene amachigwira. Ambiri ozindikira zidindo amene mumawaona m'mapepala a kafukufuku, monga ozindikira Akt yodindidwa pa serine 473 kapena ERK yodindidwa pa threonine 202 ndi tyrosine 204, anayamba ndi phosphopeptide. Amaimangirira pa puloteni yaikulu yonyamulira monga KLH, n'kubaya nayo kalulu. Magazi a kaluluyo amatulutsa ma antibody osakanikirana, ena oona fosifeti, ena oona peptide yokha. Ndiye amasefa kawiri: sefa yoyamba ili ndi peptide yopanda fosifeti ndipo zonse zomatirira pamenepo zimatayidwa, yachiwiri ili ndi yodindidwa ndipo zomatirira pamenepo ndizo zimasungidwa.

Chomaliza ndi mwala wa pa sikelo. Mu mass spectrometer, makina oyeza kulemera kwa mamolekyulu, fosifeti imawonjezera ma dalton 80 (dalton ndi muyeso wa kulemerako) pa kulemera kwa peptide. Mukathira phosphopeptide yodziwika kuchuluka kwake, yopangidwa ndi lysine wolemererapo ndi 8 kapena arginine wolemererapo ndi 10, makina amaiona moyandikana ndi ya m'selo ndipo mumawerengera kuti ya m'seloyo inalipo yochuluka bwanji. Njirayi, yotchedwa AQUA, inachokera mu labu ya Steven Gygi ku Harvard mu 2003.

Ndalama ndi zochepa. Sindingagule yokhala ndi fosifeti yokhayo?

Ayi, ndipo apa sindisintha. Phosphopeptide imagulidwa ndi mnzake, ngati mapasa: mikanda yomweyo, mndandanda womwewo, kungoti winayo alibe fosifeti. Ngati ndalama zikukwana 2 mg, gulani 1 mg ya uyu ndi 1 mg ya uyo.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mwaviika nyambo, puloteni ina yaluma. Yalumira fosifeti kapena yalumira mikanda inayo, kapena imangomatirira pa chilichonse? Popanda mnzake simungayankhe. Pa Western blot, njira yoonetsera puloteni ngati mzere pogwiritsa ntchito antibody, mwaona mzere wokongola. Sakanizani antibody ndi peptide yodindidwa musanathire, mzerewo uyenera kuzimiririka. Sakanizani ndi mnzake, uyenera kutsala. Ukazimiririka konsekonse, antibody yanu siona fosifeti, ndipo zonse zimene mukanalemba zokhudza kinase zikanakhala nthano.

Ndikuuzeni zanga. Ndisanazolowere ntchitoyi, mu labu ina imene ndinkagwirako kale, ndinasungunula phosphopeptide mu PBS, madzi a mchere a mu labu aja, chifukwa dzanja linazolowera botolo limenelo, osaganiza kuti P wa PBS ndi fosifeti yeniyeniyo. Ndinkayeza phosphatase ndi malachite green, utoto umene umasanduka wobiriwira ukapeza fosifeti yomasuka. Timaenje ta puleti tinabiriwira mwamsanga, ine n'kusangalala kuti enzayimu yanga ndi yaukali. Kuyang'ana mzere wachiwiri, wa mnzake wopanda fosifeti, wobiriwiranso chimodzimodzi. Kabotolo konse kanapita, miyezi yodikira ina inayambanso, koma ndikanakhala ndilibe mzere wachiwiri uja ndikanapita nazo kwa ondiyang'anira ndili wonyadira.

Amazipanga bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani zimadula kuposa peptide wamba?

Njira yake ndi ya Bruce Merrifield wa ku Rockefeller ku New York, ya mu 1963, imene inamupatsa Nobel mu 1984. Mkanda womaliza umamangiriridwa pa timibulu ta pulasitiki tosasungunuka, ndipo inayo imalumikizidwa umodziumodzi chobwerera kumbuyo. Masiku ano mkanda uliwonse umabwera utavala chipewa chotchedwa Fmoc kuti usalumikizane ndi unzake mwachisawawa. Umalumikizidwa, zotsala zimatsukidwa, chipewa chimavulidwa ndi piperidine, wina amabwera. Pamapeto asidi wamphamvu, TFA, amadula peptide pa timibulu, ndiye imayeretsedwa ndi HPLC, makina olekanitsa zosakanikirana, n'kuumitsidwa kukhala ufa.

Werengerani nokha. Sitepe iliyonse itayenda bwino ndi 99 peresenti, pa masitepe 20 mumatsala ndi zingwe zolondola pafupifupi 82 pa 100. Zinazo zaperewera mkanda penapake.

Fosifeti imawonjezera mavuto ake. Mkanda wodindidwa kale ndi wodula pougula, ndipo ndi wolemera ndi wosachedwa kukana kulumikizika, choncho nthawi zambiri amaulumikiza kawiri. Piperidine imathanso kuzula fosifeti pa serine n'kusiya mkanda wopunduka, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito mkanda umene fosifeti yake yaphimbidwa mbali imodzi yokha ndi benzyl. Peptide ya zidindo ziwiri kapena zitatu zoyandikana ndi yovuta kuposa apa, ndipo mtengo umakwera motsatira.

Ndinawerenga kuti ndingathe kungoika glutamate kapena aspartate m'malo mwa serine yodindidwa. Sizotchipa zimenezo?

Zotchipa, inde, ndipo pa puloteni yonse m'selo nthawi zina zimagwira. Koma ndi chidindo chojambula ndi bolopeni. Mphamvu yake ya negetivu ndi yochepa poyerekeza ndi ya fosifeti, mawonekedwe ndi ena, ndipo matumba monga a 14-3-3 nthawi zambiri sanyengeka nacho. Pa tyrosine ndiye musayese n'komwe, glutamate safanana nayo. Ngati vuto lanu ndi loti ma phosphatase akufufuta chidindo msanga, pali mkanda wopanga wotchedwa F2Pmp umene umaoneka ngati tyrosine yodindidwa koma sufufutika.

Katundu wafika ndi pepala. Ndiyang'ane chiyani pa pepalalo?

Zinthu zitatu. Kulemera kwa pa mass spectrometer kuyenera kugwirizana ndi kumene mwawerengera. Kemptide ndi ma dalton 772, yodindidwa ndi 852. Kukaperewera 80 ndiye kuti mulibe fosifeti, kukaperewera 98 fosifeti yazuka pamodzi ndi madzi.

Kenako kuyera kwa pa HPLC. Pobaya kalulu 80 kapena 85 peresenti imakwana, koma poyeza liwiro la enzayimu kapena mphamvu ya kagwiridwe funani 95 kupita m'tsogolo.

Chachitatu ndi chimene chimagwetsa ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pepala likati 98 peresenti, silikunena kuti ufa wonsewo ndi peptide. Likunena kuti mwa ma peptide amene alimo, 98 pa 100 ndi olondola. Mu ufamo mulinso mchere wa TFA ndi madzi, ndipo peptide yeniyeni imatha kukhala 70 peresenti yokha ya kulemerako. Tengani Kemptide yodindidwa, 1 mg mu 1 mL. Powerengera mupeza 1.17 mM. Ngati peptide yeniyeni ndi 70 peresenti, muli ndi 0.82 mM. Kusiyana kumeneko kumalowa m'nambala iliyonse imene mudzawerengere pambuyo pake. Pemphani kampani ikuuzeni net peptide content.

Musadalirenso kuyeza pa 280 nm ngati tyrosine yanu ndi yodindidwa. Fosifeti imachepetsa kwambiri kuwala kumene tyrosine imamwa pamenepo, ndiye mudzaganiza kuti mu chubu mulibe kanthu.

Kodi sizionongeka panjira, kuchokera kunja mpaka ku Thyolo?

Ufa wouma ndi wopirira. Umatha kuyenda masiku angapo, kutera ku Chileka, kudikira kuomboledwa, kukwera galimoto kudutsa Limbe, osavutika. Chimene sichipirira ndi kinase yeniyeniyo, imene ndi puloteni yosachedwa kuonongeka yofuna dry ice panjira ndi filiza ya -80°C ikafika. Ophunzira amasokoneza ziwirizi, amadera nkhawa peptide n'kuiwala enzayimu. Poitanitsa enzayimu, konzani mapepala oombolera isananyamuke, ndipo musalole kuti ifike Lachisanu madzulo.

Mdani wa peptide kwathu kuno ndi chinyezi. M'miyezi ya chiperoni, nkhungu ikakuta mapiri n'kumawaza kamvula kosaleka, mpweya wa mu labu umakhala wonyowa moti botolo lochokera mu filiza limachita thukuta nthawi yomweyo. Mukalitsegula lili lozizira, thukuta lomwelo limagwera pa ufa, ufa umasanduka phala lomata, kulemera kwake kumasintha ndipo umayamba kuonongeka. Litulutseni, liikeni m'chitini chotsekeka bwino chokhala ndi silica gel, dikirani theka la ola. Kenako lizungulitseni pang'ono mu centrifuge musanatsegule, chifukwa 1 mg ndi kafumbi kamene kamakonda kubisala m'chivindikiro. Ndinaonapo wophunzira akulira kuti amutumizira botolo lopanda kanthu, ufa uli phee m'chivindikiro chimene anali atagoneka pa benchi.

Sungani pa -20, mkati mwa filiza osati pa chitseko. Magetsi akazima musatsegule kuti muone ngati zili bwino. Dzazani malo otsala ndi mabotolo a madzi oundana, amasunga kuzizira maola angapo jenereta isanalire.

Ndisungunule ndi chiyani?

Yambani ndi madzi oyera a mu labu. Werengani mikanda: ngati D (aspartate), E (glutamate) ndi fosifeti zachuluka, peptide ndi ya asidi ndipo ammonium bicarbonate wochepa amathandiza. Ngati K (lysine) ndi R (arginine) ndi ochuluka, madzi okha kapena acetic acid wochepa. Yokana madzi, kadontho ka DMSO kaye, madzi pambuyo. Sodium hydroxide musayandikize, amazula fosifeti pa serine ndi threonine. Mukasungunula gawani m'timachubu tating'ono ta ntchito ya tsiku limodzi, chifukwa kuundanitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumaononga. Ma phosphopeptide amakonda kumatirira pa galasi ndi pa chitsulo, ndiye akachepa kwambiri m'madzi gwiritsani ntchito machubu a pulasitiki osamata.

Mukasakaniza ndi madzi a maselo kumbukirani kuti muli ma phosphatase anjala. Sodium orthovanadate amagwira a tyrosine, sodium fluoride ndi beta-glycerophosphate amagwira a serine ndi threonine. Ndipo ngati mukuyeza fosifeti yomasuka, PBS ikhale kutali, komanso magalasi asachapidwe ndi sopo waufa wa kunyumba poti wina amakhala ndi fosifeti.

Wina adzakukumbutsani kuti Tony Hunter wa ku Salk Institute anatulukira chidindo cha pa tyrosine mu 1979 chifukwa anagwiritsa ntchito buffer (madzi osunga mlingo wa asidi) yakale imene pH yake inali itatsika pang'ono, ndipo kutsikako kunalekanitsa tyrosine yodindidwa ndi threonine yodindidwa. Nkhaniyo ndi yoona. Koma iye anazindikira kuti kadontho kali pamalo achilendo n'kukafufuza chifukwa chake. Inu pangani buffer yatsopano.

Kinase yanga yadinda peptide mu chubu. Ndiye kuti imadindanso puloteniyo m'selo?

Osati msanga choncho. Mu chubu mwaika kinase yambiri, ATP wambiri ndi peptide yopanda pobisala, ndipo kinase yosowa chochita imadinda ngakhale zimene m'selo siikanaziyang'ana. Pa puloteni yonse mkanda umenewo ukhoza kukhala wokwiririka mkati. Kinase ikhoza kukhala pa khoma la selo pamene puloteniyo ili mu nucleus, osakumana moyo wawo wonse.

Zimachitikanso mosemphana. ERK ndi p38 amagwira kaye puloteni pamalo ena akutali asanadinde, ndipo peptide yaifupi ilibe malo ogwirirawo, choncho imaoneka ngati chakudya chosakoma pamene puloteni yonse ndi chakudya chenicheni. Peptide imakuuzani kuti n'zotheka. Kuti munene kuti zimachitika, letsani kinase m'selo ndi mankhwala kapena pochotsa jini yake, muone ngati chidindo chasowa.

Tili ndi malungo, TB ndi matenda a shuga. Zimenezi si za anthu a kunja?

Ndimamva funso limeneli kwa makolo kuposa kwa ophunzira, ndipo silolakwika.

Tiyambe ndi khansa ya m'magazi yotchedwa CML. Ma chromosome 9 ndi 22 amasinthana zidutswa n'kubala kinase yotchedwa BCR-ABL imene sizima. Imatinib, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 2001, amakhala pamalo a ATP n'kuitseka, ndipo matenda amene ankapha m'zaka zochepa anasanduka oti munthu amakhala nawo akumwa mapiritsi. Mankhwala otero amayesedwa kaye mu chubu: kinase, ATP, peptide, ndi mankhwalawo. Pa shuga, chimene chimalandira insulin pa khoma la selo ndi kinase ya tyrosine, ndipo metformin amene azakhali anu amalandira kuchipatala amadzutsa AMPK mwa zina zimene amachita.

Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kali ndi ma kinase ake osafika 100, ndipo ena ndi osiyana kwambiri ndi athu. Mu 2019 gulu la Andrew Tobin ku Glasgow linaonetsa kuti kutseka kinase yake yotchedwa PfCLK3 kumapha kachilomboka pa misinkhu ingapo ya moyo wake. Ku University of Cape Town, gulu la Kelly Chibale, mbadwa ya ku Zambia, linatsogolera ntchito ya mankhwala otchedwa MMV048, amene amatseka kinase ya kachilomboka yodinda mafuta osati mapuloteni. Kachilombo ka TB kali ndi ma kinase 11 a serine ndi threonine, ndipo popanda imodzi yotchedwa PknB sikakula. Ma kinase a munthu amalowa pati? Mankhwala opha kachilombo ayenera kusiya athu. Aliyense wofufuza mankhwala oterowa amawayesa pa ma kinase a munthu ambirimbiri, ndipo ambiri mwa mayesowa amadalira ma peptide. Amene akufufuza zitsamba za m'phiri la Mulanje n'kupeza kuti china chikupha tizilombo m'mbale ya mu labu adzakumana ndi funso lomweli tsiku lina.

Ndingamwe kapena kubaya phosphopeptide ngati mankhwala?

Ayi. Pa botolo pamalembedwa kuti ndi za kafukufuku basi. Sizinayesedwe pa anthu, muli zotsalira za TFA, ndipo ngakhale mutameza, m'mimba zigayidwa ngati nyemba, fosifeti ifufutidwa, zotsalazo sizilowa m'selo. Ma "peptide" amene amatsatsidwa pa Facebook kwa onyamula zitsulo ndi nkhani ina, ndipo nawonso sindikuuzani kuti mugule.

Tilibe mass spectrometer, tilibe chilolezo cha radiation. Tingachite chiyani ndi zimene tili nazo?

Njira yakale yoyezera kinase ndi ATP wokhala ndi phosphorus-32, koma mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 14 aliwonse, ndiye pofika kuno n'kuomboledwa mwalipira zambiri zimene zatha panjira. Isiyeni. Pali zida monga ADP-Glo ya kampani ya Promega zimene zimayeza ADP wotsala kinase ikadinda n'kumusandutsa kuwala, ngati muli ndi makina owerenga kuwalako. Pali dot blot: dontho la peptide yodindidwa, dontho la mnzake, antibody pamwamba, ndipo ngati peptide ndi yaifupi kwambiri imangirireni pa puloteni yaikulu yotchedwa BSA kuti isakokoloke potsuka. Pali malachite green, amene amangofuna spectrophotometer yowerenga cha pa 620 nm.

Koma musanatsegule kabotolo kodula, phunzitsani dzanja ndi zotchipa. Gulani mkaka, chotsani mafuta, thirani viniga pang'onopang'ono mpaka casein iundane cha pa pH 4.6, isefeni ndi kuitsuka kangapo, ndiye muisungunulenso. Mbatata ya kachewere ili ndi acid phosphatase imene imafufuta zidindo za casein. Ipereni, finyani madzi ake, koma muwaike kaye mu dialysis, kathumba kotulutsa tinthu tating'ono n'kusunga mapuloteni, usiku wonse chifukwa mbatata ili ndi fosifeti yakeyake imene ingabiriwitse zonse. M'mawa konzani timaenje tinayi: casein yokha, madzi a mbatata okha, zonse pamodzi, ndi zonse pamodzi koma madzi a mbatata ataphitsidwa kaye. Mukathira malachite green, kachitatu kokha ndiko kayenera kubiriwira kwambiri. Mukachita katatu masiku osiyana n'kupeza zofanana, bwerani ndi kope lanu tidzaone limodzi, ndiye tidzatulutse kabotolo kaja mu filiza.